Kuonera zisudzo ndi kuyendako kumapeto a sabata pa ndalama ya mwana wa sukulu ku London

Funso: Ndili ndi zaka 29, kwathu ndi ku Zomba, ndipo ndangoyamba kumene maphunziro a masters a chaka chimodzi kuno ku London pa sikolashipu. Zisudzo ndimazikonda kuyambira ku sekondale, nthawi ya mipikisano ya ATEM. Kuno zikwangwani za masewero zili ponseponse, koma nditayang'ana pa intaneti ndapeza tikiti imodzi ikuposa £100. Anzanga a m'kalasi akumakwera ndege Lachisanu, mawa lake ali ku Paris kapena ku Dublin. Kodi munthu wodalira alawansi, wa pasipoti ya Malawi, angaonere bwanji zisudzo ndi kuyendako osadya ndalama ya lendi?

Yankho: Achemwali, £100 mwaionayo si bodza, koma ndi mtengo wa mlendo amene wabwera masiku atatu ndipo akufuna sewero lakutilakuti, Loweruka madzulo, mpando wapakati. Inu muli ndi chaka chathunthu, mutha kupita Lachiwiri, mutha kupita nokha, ndipo mutha kusankha m'mawa wa tsiku lomwelo. Zitatu zimenezi ndiye zimatsitsa tikiti kufika pa £10 kapena £25.

Tiyambe ndi zaka zanu, chifukwa Amalawi ambiri obwera kudzachita masters amakhumudwa pamenepa. Kuchotsera mtengo kwambiri m'nyumba za zisudzo kumayendera zaka, osati kukhala pa sukulu. National Theatre ili ndi matikiti otsika a achinyamata osapitirira zaka 25, ndipo pa zaka 29 khomo limenelo linatsekeka ngakhale mutaonetsa khadi la yunivesite. Choncho musanasangalale, werengani bwino ngati alemba under 26, under 30 kapena student. Ziwiri zomalizazo ndi zanu. English National Opera imafika mpaka kwa osakwana zaka 35, ngati mungafune kulawako za opera. Khadi la yunivesite ndi chiphaso chosonyeza tsiku lobadwa muziyenda nazo, chifukwa pakhomo amatha kufunsa, ndipo mukalephera kuonetsa amakulipiritsani ndalama yotsalayo.

Nyumba za zisudzo ku London zili mitundu iwiri. Za ku West End, kuzungulira Shaftesbury Avenue, Leicester Square, Covent Garden ndi Strand, ndi za bizinesi, ndipo ndizo zili pa zikwangwani mwaonazo. Mtundu wachiwiri ndi nyumba zothandizidwa ndi ndalama za boma kudzera ku Arts Council England: National Theatre ku South Bank, Royal Court ku Sloane Square, Young Vic kufupi ndi Waterloo, Almeida ku Islington, Bush ku Shepherd's Bush, Kiln ku Kilburn, ndi Theatre Royal Stratford East. Munthu amene anakulira pa ATEM, amene amafuna kumva mawu ndi kuona nkhope ya wosewera, apite kumeneku koyamba. Masewero ambiri amene amadzatchuka ku West End amayambira m'nyumba zimenezi pa mtengo wotsika, ndipo masewero a alembi ochokera ku Africa ndi ku Caribbean amaoneka kawirikawiri ku Bush, Kiln, Young Vic ndi Stratford East.

Njira yosavuta kuyamba nayo ndi Friday Rush ya National Theatre. Lachisanu lililonse 1 koloko masana amatulutsa pa intaneti matikiti a £10 a masewero a sabata yotsatira, ndipo safunsa zaka. Tsegulani akaunti tsiku lina, osati Lachisanulo, ndipo lowani mphindi zingapo 1 koloko isanakwane chifukwa mumaikidwa pa mzere. Royal Court imatsitsa mtengo Lolemba. Za ku West End, ikani pa foni apu ya TodayTix. Masewero ambiri amatulutsa matikiti otchipa ogula mothamanga, otchedwa rush, 10 koloko m'mawa a tsiku lomwelo, nthawi zambiri osapitirira £30, ndipo ena amachita maere. Chimene chimagwetsa anthu ndi kuyamba kulemba manambala a khadi la ku banki nthawi itakwana kale, pamene matikiti amatha m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Khadilo likhale losungidwa kale mu apu.

Palinso TKTS, kanyumba koima pakokha kum'mwera kwa Leicester Square, koyendetsedwa ndi Society of London Theatre. Kamagulitsa matikiti a tsiku lomwelo ochotsera. Chenjerani, chifukwa m'misewu yozungulira muli timashopu tambiri tolemba half price tomwe si TKTS. Funsani mtengo weniweni wa mpandowo ndi ndalama imene awonjezerapo, ndipo yang'anani chizindikiro cha STAR, bungwe la ogulitsa matikiti ovomerezeka. Madobadoba oima pakhomo ndi masamba a pa intaneti ogulitsanso matikiti a anthu ena asiyeni, popeza nyumba zina zimakana tikiti yogulidwa mwa njira imeneyo ndipo ndalama yanu sibwerera. Mukasaka sewero pa Google, zoyamba kuoneka nthawi zambiri ndi zotsatsa malonda. Tsikani mpaka mupeze tsamba la nyumbayo.

Kupita nokha kuli ndi phindu limene anthu salidziwa. Mpando umodzi wotsala pakati pa mzere ndi wovuta kugulitsa, ndiye umatsika kapena umapezeka ngakhale sewero litalembedwa kuti ladzaza. Masiku oyamba sewero lisanatsegulidwe kwa atolankhani, amene amawatcha previews, amakhalanso otsikirapo. Ndipo mukafika pawindo la matikiti ola limodzi sewero lisanayambe n'kufunsa ngati pali obwezedwa kapena a ana a sukulu, sakudabwani, ndi funso la tsiku ndi tsiku.

Tsopano za mpando, chifukwa tikiti yotchipa ikhoza kukhala yotaya ndalama. Pansi penipeni ndi stalls, kenako dress circle, upper circle, ndipo pamwamba kwambiri balcony. Nyumba zambiri za ku West End zinamangidwa zaka zoposa 100 zapitazo: miyendo imasowa pokhala, masitepe ndi ambiri, zina zilibe chikepe. Mawu akuti restricted view angatanthauze kachitsulo kochepa kamene mumakaiwala pakangotha mphindi zisanu, kapena chipilala chimene chikubisa theka la siteji. Tsamba la SeatPlan lili ndi zithunzi zimene anthu anajambula atakhala pa mipando yeniyeniyo. Onani nambala ya mpando musanalipire. Pa sewero la nyimbo ndi magule, pamwamba palibe vuto. Pa sewero la mawu okhaokha khalani pafupi, ngakhale cha m'mbali, chifukwa Chingerezi cha ku Glasgow kapena ku Liverpool chikamathamanga muli kumwamba mumangoona milomo ikuyenda. Nyumba zambiri zimakhala ndi tsiku limene mawu amalembedwa pambali pa siteji, lotchedwa captioned performance, ndipo aliyense ndi wololedwa.

Shakespeare's Globe, imene inatsegulidwa mu 1997 m'mbali mwa mtsinje wa Thames, ndi yoyenera ndime yakeyake. Bwalo lake lapakati lilibe denga ndipo limalowa anthu 700 oimirira, pa mtengo wa pakati pa £5 ndi £10. Mumaimirira sewero lonse, maola awiri ndi theka kapena atatu, ndipo kukhala pansi saloleza. Mvula ikagwa sewero limapitirira, ambulera ndi yoletsedwa, ndiye tengani jekete la mvula lokhala ndi chipewa ndi nsapato zafulati. Fikani msanga kuti mukagwire malo otsamira pa siteji penipeni. Msana umapuma ndipo osewera amadutsa pamphuno panu. Nyengo yake imayamba cha mu April mpaka October, choncho ngati mwafika mu September pitani sabata zino, apo ayi mudikira miyezi isanu ndi umodzi. Nthawi yozizira amasewera m'kanyumba ka pambali, Sam Wanamaker Playhouse, kounikira makandulo.

Masewero a madzulo ambiri amayamba 7:30, a masana cha m'ma 2:30, makamaka Loweruka ndi tsiku limodzi pakati pa sabata. 7:30 imatanthauza kuti magetsi azima 7:30. Mukachedwa amakuimikani panja mpaka papezeke mpata, nthawi zina mpaka pa nthawi yopuma, ndipo masewero ena alibe nthawi yopumayo. Fikani 7 koloko. Ku Great Hall ku Zomba anthu amayankha wosewera, kumulangiza, kumukuwiza. Ku West End mukatero mnzanu wa pambali akuyang'anani ndi diso loti simudzaliiwala. Kumene mungamasuke ndi ku Globe ndi ku masewero a nthabwala ndi nyimbo a mu December otchedwa pantomime, komwe kuyankha ndi mbali ya sewerolo. Idyani kunyumba musananyamuke, chifukwa zakumwa za mkati zimatha kufanana mtengo ndi tikiti yanu ya rush. Madzi a pampopi mukapempha pa bala ndi aulere. Chikwama chachikulu musatenge, amasecha pakhomo ndipo nyumba zambiri zilibe posungira.

Pobwerera, sewero limatha cha m'ma 10 kapena 10:30 ndipo Tube, sitima ya pansi pa nthaka, imayenda mpaka cha m'ma 12 usiku, Lamlungu imaweruka msangako. Lachisanu ndi Loweruka mizere ya Central, Jubilee, Northern, Piccadilly ndi Victoria imayenda usiku wonse, ngakhale si nthambi zonse. Mabasi salandira ndalama ya pamanja. Pa Tube gwiritsani khadi limodzimodzi polowa ndi potuluka: mukalowa ndi foni n'kutuluka ndi khadi la pulasitiki, ngakhale zili za akaunti imodzi, makina amaona ngati maulendo awiri osamalizidwa ndipo amakudulani mtengo wapamwamba kawiri.

Za maulendo a kunja kwa London, chinthu choyamba kugula ndi Railcard. Ndi £35 pachaka ndipo imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu pa matikiti ambiri a sitima, moti ulendo umodzi wa ku Scotland utha kubweza ndalamayo. Pa zaka 29 muli ndi njira ziwiri: 26-30 Railcard, imene imakhala pa foni pokha, kapena 16-25 Railcard, imene amalolanso akuluakulu ophunzira tsiku lonse ngati yunivesite yadinda fomu. Zonse ziwiri zili ndi lamulo loti m'mawa pakati pa sabata, isanakwane 10 koloko, matikiti ambiri sangatsike pansi pa £12, koma Loweruka ndi Lamlungu lamulo limeneli silikukhudzani. Mukaipeza, pitani pa siteshoni ya Tube ndi Oyster card, khadi lolipirira Tube ndi mabasi a mu London, mupemphe wogwira ntchito aziphatikize. Kuyambira pamenepo maulendo a Tube a nthawi yopanda chipwirikiti amatsikanso ndi gawo lomwelo, ndipo pobwera ku zisudzo usiku mumakhala muli m'nthawi imeneyo. Izi sizitheka pa khadi la ku banki. 18+ Student Oyster ndi chinthu china: imachotsa 30 peresenti pa matikiti a sabata, a mwezi kapena a nthawi yotalikirapo okha, ndiye imapindulira amene amakwera pafupifupi tsiku lililonse.

Matikiti a sitima ali mitundu itatu ndipo kusokoneza kumadula. Anytime ndi yodula, isiyeni. Off-Peak mumakwera sitima iliyonse ya nthawi yopanda chipwirikiti, ndipo kumapeto a sabata pafupifupi tsiku lonse ndi lotero. Advance ndiyo yotchipa kwambiri pa maulendo ataliatali, imayamba kugulitsidwa sabata 8 mpaka 12 tsikulo lisanafike, koma ndi ya sitima imodzi yokhayo yolembedwa. Ikakusiyani chifukwa munachedwa kudzuka, mugula ina pa mtengo wa tsikulo. Gulani pa tsamba la kampani ya sitima, iliyonse imagulitsa matikiti a dziko lonse popanda kuwonjezera kanthu, pamene maapu ena amaikapo kandalama. Foni ikazima ndipo Railcard ili mmenemo, kondakitala amakuwerengani ngati mulibe tikiti yoyenera, ndipo chindapusa ku England ndi £100 kuwonjezera pa mtengo wa ulendo, chimatsika kufika £50 mukalipira m'masiku 21. Power bank ikhale m'chikwama. Lamlungu ndi tsiku lokonza njanji: ulendo wa ola limodzi umasanduka maola awiri ndi theka pa basi yolowa m'malo mwa sitima, choncho onani ulendo wobwerera musanagule wopita. Sitima ikachedwa ndi mphindi 30, ndipo makampani ambiri ngakhale 15, mumabwezeredwa gawo la ndalama kudzera mu Delay Repay, koma mpaka mutapempha.

Chimene chimadya ndalama pa ulendo si sitima, ndi pogona. Miyezi yoyamba chitani maulendo opita m'mawa n'kubwera madzulo. Brighton kuchokera ku Victoria, Cambridge kuchokera ku King's Cross, Oxford kuchokera ku Paddington kapena Marylebone, ndi Canterbury kuchokera ku St Pancras, konseku ndi pafupifupi ola limodzi. Bath ndi ola ndi theka losakwana. Ku Oxford kulinso basi ya Oxford Tube, yoyenda usana ndi usiku. Mabasi a National Express ndi FlixBus ochokera ku Victoria Coach Station ndi otchipa kuposa sitima koma amatenga nthawi pafupifupi kawiri. Mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndiye wonyamuka 11 koloko akaona mzinda mumdima, nyamukani 8.

Zisudzo ndi ulendo zimakumana bwino ku Stratford-upon-Avon, kwawo kwa Royal Shakespeare Company. Misampha ilipo iwiri. Woyamba, Stratford ya kum'mawa kwa London ndi malo ena. Lembani dzina lonse pogula tikiti. Wachiwiri, ulendo kuchokera ku Marylebone ndi maola awiri ndi kanthu, nthawi zambiri mosintha sitima ku Leamington Spa, ndipo sewero la madzulo likatha kubwerera ku London usiku womwewo n'kovuta. Tengani la Loweruka masana. Lamulo lomweli ligwire ku Chichester Festival Theatre, ku Bristol Old Vic imene yakhala ikusewera kuyambira 1766, ndi ku Royal Exchange ya ku Manchester komwe oonera amazungulira siteji mbali zonse: onani sitima yomaliza musanagule tikiti ya sewero, osati mutagula.

Ulendo umodzi wogona umene Mmalawi sayenera kuuphonya ndi wa ku Scotland. Edinburgh kuchokera ku King's Cross ndi Glasgow kuchokera ku Euston ndi pafupifupi maola anayi ndi theka. Kuchokera ku Glasgow Central, sitima ya m'deralo imakufikitsani ku Blantyre mosakwana theka la ola, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813 ndipo nyumba ya ogwira ntchito ku fakitale ya thonje imene anakuliramo inasanduka myuziyamu. Scotland Malawi Partnership ili ku Edinburgh ndipo imalengeza zochitika zake pa intaneti. Mu August kuli Edinburgh Festival Fringe, imene inayamba mu 1947: sabata zitatu, masewero masauzande, ena olowa ulere mumangoponya kangachepe m'ndowa potuluka. Zovuta zake ziwiri: malo ogona ku Edinburgh amakwera moopsa, ndiye ambiri amagona ku Glasgow n'kumakwera sitima ya mphindi 50, komanso August ndi mwezi womaliza dissertation. Ngati mukufuna Fringe, sungitsani pogona cha mu March ndipo muuze supavaiza wanu kuti mutu womaliza muupereka July asanathe.

Tsopano Paris ndi Dublin. Anzanuwo mwina ali ndi mapasipoti a ku Ulaya kapena America. Viza yanu ya sukulu ndi ya UK yokha, kutanthauza England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland. France, Netherlands, Italy, Spain ndi mayiko ena a Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, amafuna viza yawo. Mtengo wake ndi €90, kuwonjezera ndalama ya ofesi yolandira mafomu monga TLScontact kapena VFS Global. Mufunika kalata yatsopano ya yunivesite, masitetimenti a ku banki a miyezi itatu, umboni wa ulendo ndi pogona, inshuwalansi ya chipatala yofika €30,000, umboni wa chilolezo chanu cha UK, ndi pasipoti yokhala ndi masamba awiri opanda kanthu imene ikhalabe yamoyo miyezi itatu mutatuluka ku Schengen. Mumapempha ku dziko limene mukakhaleko masiku ambiri, osati limene lili ndi mzere waufupi. Yankho limatenga masiku 15, nthawi zina mpaka 45, pasipoti ili kwa iwo. Koma chovuta chenicheni ndi kupeza tsiku lokaonekera, makamaka kuyandikira Khirisimasi ndi chilimwe. Viza yoyamba amatha kukupatsani ya masiku a ulendowo okha. Ndiye kuwonongera zonsezi pa Loweruka limodzi n'kulakwitsa masamu. Pemphani mu January, mupite pa tchuthi cha Pasaka masiku asanu kapena sabata, mayiko awiri pa ulendo umodzi.

Ireland siili mu Schengen ndipo Amalawi amafunika viza yake payokha. Basi yochokera ku Belfast kupita ku Dublin imadutsa malire popanda geti, ndipo wina adzakuuzani kuti palibe amene amafunsa. Apolisi a ku Ireland amaimitsa mabasi amenewa nthawi zina, ndipo kulowa opanda viza ndi mlandu umene umakutsatani pa mafomu onse a mtsogolo. Belfast pitani, pamenepo mubwerere.

Mukapeza viza, werengani mtengo wonse wa ndege zotchipazo. Tikiti ya £25 imafuna basi kapena sitima yopita ku bwalo la ndege la Stansted kapena Luton, nthawi zambiri mbandakucha, chikwama choposa kakang'ono kolowa pansi pa mpando chimalipiridwa padera, ndipo bwalo la Beauvais limene amalitcha la Paris lili makilomita oposa 80 kuchokera mumzindawo. Sitima ya Eurostar yochokera ku St Pancras imakutsitsani pakati pa Paris m'maola awiri ndi mphindi 20, ndipo mukagula msanga kusiyana kwake kumachepa. Ndege ngati Ryanair zimafuna kuti wa pasipoti ngati yanu ayambe waonetsa mapepala ake pa kauntala asanapite kosechedwa. Musananyamuke lowani mu akaunti yanu ya UKVI, ofesi ya maviza ya UK, muone kuti eVisa, viza yanu ya pa intaneti, yalumikizidwa ndi pasipoti imene mukuyendera, ndipo tengani share code, nambala imene ena amaonera chilolezo chanu pa intaneti. Popanda zimenezi kampani ya ndege itha kukukanizani kukwera pobwerera. Werenganinso kalata ya sikolashipu yanu, chifukwa masikolashipu ngati Chevening ndi Commonwealth ali ndi malamulo a masiku amene mungakhale kunja kwa UK ndi za kudziwitsa ofesi. Yunivesite nayo imalemba amene wabwera m'kalasi chifukwa cha viza, ndiye ndege ya Lolemba m'mawa yoti mukafikire m'kalasi musaidalire.

Pa ndalama, patulani £60 kapena £70 pamwezi mu akaunti ina alawansi ikangolowa, lendi italipiridwa. Imeneyo ikwana masewero awiri otchipa ndi ulendo umodzi wa tsiku, mutanyamula chakudya chanu. Mwezi wa maasayimenti osapita kulikonse, ndalamayo idikire Scotland. Laibulale ya yunivesite yanu mwina ili ndi tsamba la pa intaneti la Drama Online, momwe muli masewero a National Theatre ojambulidwa, oonera ulere.

Njira ina ndi kugwira ntchito m'nyumba ya zisudzo momwemo, yolandira anthu pakhomo ndi kuwalozera mipando. Amalemba ana a sukulu kawirikawiri, ntchito yake ndi ya madzulo, ndipo sewero mumalionera muli pa ntchito. Maola ake amawerengedwa pa maola 20 a pa sabata amene viza imalola nthawi ya sukulu. Koma popeza munali wa ATEM, dziwani malire: viza ya sukulu imaletsa kugwira ntchito ngati wosangalatsa anthu komanso kudzilemba ntchito nokha. Kusewera ndi gulu la zisudzo la yunivesite popanda malipiro n'kololedwa, ndipo magulu amenewa amasankha osewera sabata zoyamba za teremu. Wina akakupatsani mbali ya malipiro, ngakhale ya usiku umodzi, kafunseni kaye ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja musanavomere.